Laimu wa a Jenkins

A Jenkins anali osoka maukonde, ndipo matenda awo anali amodzi: akaona bowo, manja ankawayabwa. Kwawo kunali ku Malindi, kufupi ndi mishoni, koma ine ndinawadziwa atasamukira ku Mangochi boma, kumene tinkakhala moyandikana cha kumtsinje wa Shire. Ukapita kukawachezera malaya atang'ambika m'khwapa, ankakusoka uli chivalire, uku akukufunsa za ana. Anali munthu wabwino, koma wodzimva, ndipo manyazi ankawaopa kuposa ng'ona.

Dzinja la 1989 kunachita chivomerezi chija chinagwedeza madera a m'mbali mwa nyanja. Ambiri a ife tinangogwetsa mbale ndi kulapa machimo mofulumira. Koma nyumba ya a Jenkins inang'aluka khoma lakuchipinda kuchokera kudenga mpaka pansi, moti nkhuku ikamadutsa panja unkaiona uli pabedi.

Akazi awo, a Dorika, sanachedwe. Anapinda mkeka n'kusamukira m'chisakasa chimene ankawambiramo nsomba.

"M'manda ndidzalowamo atandinyamula," anatero a Dorika. "Sindingalowemo ndi miyendo yanga. Mukailimbitsa nyumbayo mudzandiitane."

Izi zinawapweteka kwambiri a Jenkins. Chikwatiranire anali asanagonepo kosiyana, ndipo kudoko anthu anali atayamba kale kunong'ona kuti bambo asiyidwa ukwati pakhomo pawo pomwe. Kutsatira mkazi kuchisakasa anakana, ati mwamuna sathawa nyumba yake. Choncho ankagona okha pafupi ndi mng'aluwo, akuusa moyo mokweza kuti a Dorika amve.

Mmisiri wina, a Iddi, anabwera kudzaona. Anati khomalo likufunika zipilala za njerwa zootcha kunja, ndi lamba wa konkire pamwamba womanga makoma onse pamodzi. Koma anakana kugwira ntchito popanda chilolezo, poti m'tauni sunkangomanga ngati kumudzi, ndipo iwo sankafuna kukafotokoza nkhani kwa anthu ovala mataye.

A Jenkins anavala jekete la pa Isitala, khadi la chipani m'thumba, pakuti masiku amenewo popanda khadi ngakhale mumsika unkabwezedwa pakhomo. Ku ofesi anakhala pabenchi mpaka kudziwa mayina a ana a mesenjala. Pomaliza anaonana ndi a Sulemani, amene ankayendera nyumba za m'tauni.

"Palibe vuto, ambuje," anatero a Sulemani. "Ndibwera Lachisanu ndidzaone mmene yaonongekera, chilolezo mulandira."

Tsono apa m'pamene zinthu zinapotoka. Amene munakula zaka zimenezo mukudziwa chimene chinkachitika kukamveka kuti kukubwera mlendo wa ku boma. Tinkasesa mpaka pansi pa mitengo ya eni ake. Miyala ya m'mbali mwa msewu, matsinde a mango, chilichonse chosayenda chinkapakidwa laimu, ndipo galu wogona kwambiri ankayenera kusamala. Kuonetsa mlendo wotere chinthu chong'ambika kunali ngati kumutukwana.

A Jenkins anatenga zidutswa za ukonde wakale n'kuzitsendera mumng'alu muja, mmene amatsekera bwato lothonya. Anamata dothi pamwamba, nasalaza ndi chikhatho, kenaka napaka laimu nyumba yonse, mkati ndi kunja. Ndinawafunsa pampanda ngati akukumbukira chimene bwanayo akudzaona.

"Achimwene, inu mwapenga?" anandiyankha. "Munthu wa ku boma afike pakhomo panga apeze chibowo? Akanene kuti chiyani za anthu a ku Malindi?"

Lachisanu a Sulemani anafika pa njinga, buluku atalimanga ndi mphira m'miyendo. Anazungulira nyumba, nazunguliranso, akugwedeza mutu mosilira.

"Wallahi, nyumba ngati iyi sindinaionepo chichitikire chivomerezi," anatero. "Iyi ndi yachitsanzo. Ndibweretsa anzanga adzaphunzire."

A Jenkins anawerama, nathokoza, nkhope ili ngwee. Anafika mpaka powaperekeza alendowo kunjinga yawo. Mawu anachokera m'chisakasa, pakati pa utsi.

"Nanga chilolezo, bambo wachitsanzo?"

A Sulemani anadabwa. Anati chilolezo cholimbitsa nyumba chimaperekedwa pa nyumba yoonongeka, ndipo iwo sangalembe zimene maso awo sanaone.

"Koma mng'alu ulipo, bwana," anatero a Jenkins.

"Uli pati?"

Anayamba kuufunafuna. Anagogoda apa, nagogoda apo, nayika khutu pakhoma. Ntchito anali ataigwira bwino kwambiri moti eni akewo anausowa, ndipo ndikulumbira kuti ngakhale thukuta linali kuyenderera, chapakamwa pawo pankaoneka kunyadira. Anthu tinali titadzaza kale pampanda, aliyense akuloza pake. Wina anati unali chakumanzere kwa zenera, wina anati ayi, ankauona bwino popita kumadzi.

Mtima unawapsa a Jenkins. Anavula jekete, nandipatsira, nayika phewa pakhoma monga amachitira asodzi pokankhira bwato m'madzi.

"Onetsetsani, bwana, ungoonekera pang'ono."

Anakankha kamodzi. Khoma lonse linapendekeka mwaulemu, ngati likuganiza kaye, kenaka n'kugwera mkati. Fumbi loyera linatikuta tonse, ndipo litatsika tinaona a Jenkins ataima m'chipinda chopanda khoma, ali mbuu ngati mwana wosewera paufa.

A Sulemani anatsokomola, nasasa kope lawo.

"Tsopano ndaona," anatero. "Komatu pepani, ambuje, apa sipakufunikanso chilolezo cholimbitsa. Pakufunika chomanga, ndipo chimenecho amapereka mnzanga, amene panopa ali patchuthi kwawo ku Chowe."

Tinaseka mpaka kugwira mimba. Tinaleka titaona a Dorika akutuluka m'chisakasa muja osaseka. Anaponda pa zigumukazo n'kukaima pamene panali bedi. Miyendo ya bedilo inali itathyoka, ndipo kumutu, pamene a Jenkins ankatsamira masiku onse aja, panali mulu wa njerwa wofika m'mawondo.

A Dorika anayang'ana muluwo nthawi yaitali. Ine ndinachita mantha, ndinaganiza kuti ukwati uja watha lero. Koma anawerama, nasolola bulangete la amuna awo pansi pa njerwa, nalikung'untha, naliponya paphewa. Ndi dzanja linalo anawagwira a Jenkins pamkono, mmene umagwirira mbuzi yozolowera kuthawa.

"Tiyeni kuchisakasa," anatero, misozi ikulemba mizere pafumbi la kumaso. "Ndinakwatiwa ndi chitsiru, ndavomera. Koma chitsirucho ndi changa, sindichipereka kwa njerwa."

A Jenkins anawatsatira osatsutsa ngakhale liwu limodzi, jekete lawo n'kuliiwala m'manja mwanga.