Dzina Limene Renita Analemba pa Fomu

Renita Tackett ndamudziwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, kuyambira ali kumanja. Bambo ake tinkamata nawo matayala pa galaja imodzi, ndipo atamwalira, ine ndi amene ndinamuphunzitsa kuyendetsa galimoto. Mpaka lero amanditchula Bambo Clovis.

Amagwira ntchito yochotsa mafupa pa fakitale yophera nkhuku. Zala zake zinapindika ndi kuzizira kwa m'menemo. Kale anali wanthabwala. Akabwera ku galaja ankamenya chitseko cha lole yanga n'kumati, "Bambo Clovis, chiphaphachi ndi inu, wamkulu ndani?"

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, galimoto yake inafa poweruka. Kapitawo wake, Dwayne Purvis, anati amuperekeza. Anakhotera m'msewu wa kuminda ya thonje n'kumugwirira. Renita anapita kupolisi patatha masabata atatu, ndipo anamuuza kuti umboni ndi wochepa. Mlandu sunafike kukhoti. Dwayne anangosamukira ku fakitale ina.

Kenako anapezeka ndi pakati. Kwathu kuno lamulo linali litatseka kale zochotsa mimba. Kumene akanamuthandiza unali ulendo wa maola khumi, pomwe ku fakitale ukajomba masiku atatu ntchito yatha. Ine ndine wa mpingo, ndipo lamulolo litabwera ndinaombera m'manja. Ndanena izi kuti wina asandiyese woyera. Mwana anabadwa wamkazi, Renita anamutcha Junie, ndipo anamukonda.

Junie ali ndi miyezi inayi, Renita anabwera ku galaja ndi fomu yopemphera thandizo la chakudya ndi chipatala cha mwana. Anaiyala pa boneti. Panali mzere wofuna dzina la bambo.

"Ndingolemba kuti sindikumudziwa," anatero.

"Ukumudziwa," ndinayankha.

"Bambo Clovis, munthu ameneyu sakudziwa n'komwe kuti kuli mwana."

"Lemba zoona, mwana wanga. Bodza silinalerepo mwana."

Anatenga cholembera, n'kulemba dzina la Dwayne. Kumapeto kwa fomuyo kunali tsamba la zilembo zing'onozing'ono, lonena kuti mayi amene anachitidwa nkhanza akhoza kupempha kuti bamboyo asamufunefune. Sitinaliwerenge. Magalasi ndinali nawo m'thumba la ovolosi.

Ofesi yoona za thandizolo inalembera Dwayne kalata yoti azisamala mwana. Iye anathamangira kwa loya, nati ngati akusamala, mwanayo azimutenganso. Kukhoti Renita anafotokoza zonse, misozi osagwa. Woweruza anafunsa funso limodzi: kodi bamboyu anapezekapo wolakwa pa mlanduwo? Ayi. Basi, pamaso pa khoti anali bambo monga bambo wina aliyense. Analamula kuti azitenga mwana Lachisanu la sabata yachiwiri iliyonse, n'kumubweza Lamlungu. Anachenjezanso Renita kuti akajomba, kapena akamanyoza bamboyo kwa mwana, Junie akhoza kuperekedwa kwa Dwayne.

Choncho Renita sajomba. Kuno makolo odana amapatsirana ana poimika magalimoto kutsogolo kwa polisi, pomwe pali kamera. Renita amafika theka la ola nthawi isanakwane. Chikwama cha mwana amachilongedza m'mawa: zovala zinayi, mankhwala a chifuwa, kachimbalangondo kansanza kodula khutu. Iye satsika m'galimoto. Amagwira chiwongolero ndi manja onse, maso kutsogolo. Amene ndimagwira Junie dzanja ndine. Pali mapazi makumi atatu ndi limodzi kufika pa lole ya Dwayne. Ndinawawerenga.

"Madala, mayi wa kunyumba sanditsikira lero?" amatero Dwayne, akutafuna fodya.

"Ulibe mkazi pano. Tenga chikwamachi."

"Mumuuze wanenepa. Nkhuku zikumuyanja."

Ndimatembenuka osayankha, chifukwa kamera ija imaona tonse, ndipo chibakera changa chimodzi chikhoza kumulanditsa mwana Renita.

Loweruka la masabata amenewo Renita amapempha ntchito yowonjezera, kuti asakhale m'nyumba yopanda phokoso. Lamlungu akamulandira mwana amamusambitsa yekha, akuyang'ana thupi lonse, osanena chimene akufunafuna.

Mwezi watha, tikuchoka pa polisi paja, Junie analankhula ali pampando wake wakumbuyo. Pano ali ndi zaka zitatu ndi theka.

"Amayi, adadi akuti ndinu abodza."

Renita anaimika galimoto pambali pa msewu. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe mwanayo.

"Khalani chete, Bambo Clovis," anatero osandiyang'ana. "Zoona zanu ndinazimvera kale kamodzi."

Anali ndi ufulu wonena zimenezo. Akanayankha mwanayo zenizeni, Junie akanakazibwereza kwa Dwayne mmene anabwerezera izi, ndipo Lolemba loya akanakhala nazo. Akanati adadi ako ndi munthu wabwino, akanakhaladi wabodza.

Renita anamasula lamba wa pampando, n'kutembenukira kumbuyo, n'kugwira phazi la mwanayo.

"Junie, ndiyang'ane. Ine sindinakunamizepo. Pali nkhani imene sindingakuuze lero. Ukadzakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri ndidzakuuza ndekha, yonse, osachotsapo mawu."

"Khumi ndi ziwiri ndi mawa?"

"Si mawa."

"Ndiye mundigulire ayisikilimu."

Tinagula. Renita sanadye wake, unasungunukira m'dzanja.

Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, ndipo sindikudziwa kuti mapazi aja ndidzawayenda mpaka liti. Renita ananena kuti ndikadzalephera adzatsika yekha. Koma za lonjezo lija sanasinthe. Zatsala zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, ndipo akuti tsikulo sadzalola munthu wina kumuyankhulira.