Nyimbo ya Amama pa Bolodi

Ndikukumbukira masana amene ndinadziwa kuti nyimbo imalembedwa. Ndinali sitandade sikisi pa sukulu ina yaing'ono chakumunsi kwa Nguludi, nyengo yothyola nandolo, mphepo ikulowetsa fumbi m'mawindo opanda magalasi. Linali tsiku langa losesa m'kalasi. Ndikusesa, ndinkang'ung'udza nyimbo ya Chiyao imene amama ankaimba popuntha nandolo pabwalo. Sindinalabadire kuti a Namakhwa, aphunzitsi a kwaya, anali pa tebulo akuchonga makope.

"Asiyatu, tabwereza," anatero.

Ndinaganiza kuti andilanga chifukwa cha phokoso. Ndinabwereza. Iwo anatenga choko nayamba kulemba zilembo pa bolodi, d, m, s, ndi timadontho ndi timizere pakati pake. Atamaliza anaitana Esinati, mtsikana wa m'kwaya amene ankasewera fulaye panja. Esinati anali asanafikepo kwathu, ndipo Chiyao sankachidziwa. Anayang'ana pa bolodi, nakhosomola, n'kuimba nyimbo ya amama yonse, mpaka paja amaikhotetsa kumapeto.

Ndinathamanga mpaka kunyumba tsache la sukulu lili m'manja.

"Amama, nyimbo yanu ili pa bolodi!"

"Yakwerapo bwanji?" anafunsa, osasiya kupeta.

Kuyambira pamenepo ndinkatsalira tikaweruka. Mawu anga anali osasa ngati a tambala wongoyamba kulira, moti a Namakhwa sanavutike n'komwe kundipatsa malo pamzere. Koma anati khutu ndili nalo. Ndinkakhala pa muzu wa mtengo wa mango pamene kwaya inkaphunzirira, kope pamwendo, n'kumalemba zilembo zija. Anandiphunzitsa kuti kwaya ili ndi mawu anayi, sopulano, aluto, tena ndi besi, ndipo aliwonse amayenda njira yawoyawo koma amakafika limodzi. Tsiku lina ndinawauza mwamanyazi kuti ndikaimba nyimbo ya amama, m'mutu mwanga mumamveka inanso ikuyenda pansi pake. Anandipatsa choko. Pakutha pa milungu itatu nyimboyo inali ndi mawu onse anayi, ngakhale kuti besi anaikonza iwo, poti ine ndinaitsitsa mpaka pamene palibe mnyamata akanafika.

Kenako ananena zimene zinandilanda njala kwa masiku awiri. Nyimboyo tikaimba pa mpikisano wa sukulu za m'dera lathu, ndipo woima kutsogolo ndi ine, popeza ndine ndinaipeka.

Vuto linali ababa. Che Saidi ankagulitsa usipa ndi mchere pa njinga m'misika yozungulira, munthu wosaphonya swala ku mzikiti. Kwa iwo mawu akuti kwaya ankatanthauza tchalitchi basi. Anati mwana wawo sakaimako, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndinalira mpaka maso kutupa. Loweruka a Namakhwa anapalasa njinga kuchokera kwawo ku Mbombwe. Anakhala pakhonde, amama anawapatsa thobwa, ine ndikumvetsera kuseri kwa chitseko. A Namakhwa sanakambe zambiri. Anangoimba.

"Imeneyo ndi ya mayi wakeyu," anatero ababa.

"Ndi yomweyo, Che Saidi. Mwana wanu wangoiveka mawu ena atatu."

Ababa anasisita ndevu. Kenako anati abwera adzamve okha, ndipo akadzamva liwu limodzi lachilendo adzandigwira mkono pamaso pa anthu onse. Amama nkhawa yawo inali ina. Atamva kuti woimbitsa kwaya amayang'ana oimba, anafunsa ngati ndikafulatiredi akuluakulu holo yonse, mwana wamkazi. Ndinawalonjeza kuti ndikayamba ndagwada.

Tsikulo tinanyamuka wapansi dzuwa likutuluka, ana makumi atatu, mayunifomu ositidwa ndi simbi ya makala, miyendo ikunyezimira mafuta mpaka pamene fumbi linaikuta. Holo inali ya malata, yotentha, ikununkha thukuta ndi malalanje. Sukulu zinayi zinaimba tisanalowe, ndipo zonse ankazitsogolera aphunzitsi ovala tayi. Atatiitana, ndinaona ababa ali chakumbuyo pafupi ndi khomo, kofiya yoyera kumutu, manja atapinda. Ndinagwada pang'ono monga ndinalonjezera, anthu n'kuseka, ine n'kutembenuka.

A Namakhwa anamenya pa bondo kachitsulo kawo ka mphanda ziwiri, nakaika kukhutu, napereka liwu loyambira. Kenako anapita kukakhala pansi. Ndinatsala ndekha ndi maso onse aja.

Ndinakweza manja, koma mantha anandithamangitsa. Ndinayambitsa nyimbo ngati tikuthawa mvula. Asopulano ananditsatira, koma anyamata a besi, zimphona za sitandade eyiti, anatsalira m'mbuyo akupunthwa. Esinati ananditong'olera maso. Ndinadziwa kuti tikafika pa ndime yachiwiri chonchi, nyimbo ithyoka pakati. Ndiye ndinaganiza za ndodo ya amama ikugwera pa thumba la nandolo, momwe imakwerera mosafulumira n'kutsika ndi mphamvu. Ndinalemeretsa mkono wanga chomwecho. Kamodzi, kawiri, kachitatu onse anali limodzi.

Zimene ndinamva pamenepo sindinazimvenso chimodzimodzi, ngakhale m'maholo akuluakulu. Ndikatsitsa dzanja, mawu ankatsika mpaka kumveka kung'ung'udza kokha. Ndikatambasula, ankasefukira mpaka malata kunjenjemera. Aluto yanga ija, imene inayambira m'mutu mwanga ndekha, inali kutuluka m'kamwa mwa atsikana asanu ndi atatu. Azimayi ena kumbuyo anaizindikira nyimbo yawo ya kumunda nayamba nthungululu tisanamalize. Ndinkafuna kuseka, ndinkafuna kulira, koma manja anali ndi ntchito. Palibe amene anandigwira mkono.

Tinakhala nambala thu. Anzanga anavina ngati tatenga chikho. Ababa ndinawapeza panja atagwira njinga. Anangoloza pa kaliyala, pamene pankakhala dengu la usipa. Tinatsetsereka njira ya kwathu, fungo la nsomba likundilowa m'yunifomu. Titadutsa pa mlatho wamatabwa ndinamva kanthu kakugunda pamsana pawo pamene ndinatsamira. Ankang'ung'udza besi. Anailondola bwinobwino, kupatula malo amodzi.

"Ababa, pamenepo mutsike pang'ono," ndinatero.

Anaseka mpaka njinga inapepeluka, n'kubwerezanso, n'kutsikadi.

Njira imene inayamba tsiku limenelo inandipititsa kutali. Ndinaphunzira nyimbo ku koleji, kenako kunja, kumene ndinakumana ndi manotsi a pa mizere isanu ndi zida zimene ndinkangoziona m'mabuku. Lero ndimapeka nyimbo za makwaya ndi za magulu a mavayolini, zitoliro ndi malipenga, ndimaima kutsogolo kwawo ngati kondakitala, ndipo pakati pa sabata ndimaphunzitsa achinyamata amene adzakhale aphunzitsi a nyimbo. A Namakhwa anatisiya ndili chaka chachiwiri ku koleji. Sanandionepo nditagwira kandodo kotsogolera.

Zambiri zasintha. Ophunzira anga akamva nyimbo amangoijambula pa foni, ndipo makina amawaimbira mawu onse anayi asanaitane munthu ndi mmodzi yemwe. Mtsikana akaima kutsogolo kwa kwaya palibe amadabwa. Zimenezi zimandisangalatsa, ngakhale ndimadandaula kuti sukulu zambiri za kwathu zilibe mphunzitsi wotha kulemba nyimbo ndi choko. N'chifukwa chake Loweruka lina lililonse ndimakwera minibasi ya ku Nguludi kukakhala ndi aphunzitsi a pulayimale.

Ndikamaliza ndimadzera kwa ababa. Anakalamba, njinga anaisiya, ndipo tsiku lonse amakhala pakhonde kucheza ndi odutsa. Amauza aliyense kuti mwana wawo ndi kondakitala. Ena amafunsa kuti wa minibasi iti, ya ku Limbe kapena ya kuboma. Iwo amayankha nkhope ili phee: "Yake ilibe matayala. Koma akangokweza dzanja, onse amanyamuka."