Tsamba Limene Ndinadula M'kaderno Yanga

Ndikukumbukira bowo la pampanda lisanatsekedwe. Linali pakati pa malata awiri akale amene ankalekanitsa kintale yathu, bwalo la nyumba yathu, ndi ya a Tiyu Jasinto ku Degue, ndipo linkakwana diso limodzi basi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kusukulu ndinkalowa m'mawa, ndiye masana onse ndinkakhala pansi pa mtengo wa masawu pafupi ndi mpandawo, makaderno, mabuku anga olembamo, ali pamiyendo, poti dzuwa la Tete likafika paliwombo m'nyumba yamalata simukhalika.

A Tiyu Jasinto sanali achibale athu, ngakhale tinkawatcha Tiyu, kutanthauza amalume. Anali bambo wachikulire wokonza maradiyo, amene anakhala ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerako ndi akazi awo, amene tinkawatcha a Titiya Luiza ngati azakhali, komanso makatoni a madisiko a nyimbo. Analibe mwana, ndipo pa bairo pathu, dera limene tinkakhala, zimenezo zokha zinali mlandu. Azimayi pampopi ankati a Titiya Luiza anadya ana awo akadali m'mimba, ndipo nyimbo zomveka kunyumba kwawo ankati n'zoitanira zinthu zosaoneka. Amayi anga ndi amene ankadana nazo kuposa onse.

"Nyimbo yanji yopanda mutu, yopanda mchira, ngati mbuzi zikuphedwa?" ankatero akuchapa. "Iwe Selina, ndikadzakupeza wamatira pampandapo ndidzakuthyola miyendo."

Ndinkayankha kuti "inde, mama," ndipo poyamba sindinkanama. Inenso zinkandisokosa. Malipenga ankangothamangitsana, ndipo ndikafuna kugwira pamene nyimbo yayambira ndinkapeza yapita kale kwina. Koma mthunzi unali pamenepo pokha, ndiye ndinkamva tsiku ndi tsiku ndisakufuna. Patapita milungu ingapo ndinazindikira kuti sinali nyimbo imodzi. Zinali zamitundumitundu, ndipo ndinayamba kuzisiyanitsa ngati mmene umasiyanitsira mapazi a anthu apanyumba usanawaone.

Ndinali mwana wosayankhula. M'kalasi aphunzitsi akanditchula dzina, mawu ankandithawira kummero. Zonse zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kaderno yachikuto chakuda imene bambo anandigulira ku Moatize, kumene ankayendetsa galimoto ya malasha. Ndinkalemba timalemba ting'onoting'ono kuti isathe msanga, ndipo ndinkaibisa m'pilo. M'menemo ndinazipatsa nyimbo zija maina anga. Ina ndinaitcha Ndowa, chifukwa inkayenda ngati mayi wosenza ndowa yodzaza, chiuno chikugwedezeka koma madzi osatayika. Ina ndinaitcha Mkangano: lipenga linkanena zake mothamanga, chitoliro china chokhota n'kuliyankha mokalipa, wang'oma akuwasonkhezera kumbuyo. Panalinso ina yozizira, yaulesi ngati Zambezi wa m'chilimwe, imene inkandichititsa kuiwala kuti ndagwira lapisi, pensulo yanga.

Lapisiyo ndi amene anandiulula. Tsiku lina ndinkagogoda naye pamalata osadziwa, ndipo nyimbo inatsitsidwa mwadzidzidzi.

"Menina wa kuseri," anatero a Tiyu Jasinto, "ukuphonya. Werenga: umu, doyishi, tireshi, kwaturu. Iwe ukumenya pa umu ndi tireshi ngati msilikali. Menya pa doyishi ndi kwaturu, uone mmene ikunyamulire."

Menina ndi mtsikana m'Chipwitikizi, ndipo enawo anali manambala kuyambira chimodzi mpaka zinayi. Atakwezanso nyimbo ndinayesa pabondo panga, ndipo zoonadi nyimbo ija inandinyamula.

Kuyambira pamenepo ankayankhula ndi mpanda. Akamaika disiko ankanena dzina lake mokweza, ngati akudziyankhulira okha uku akuwotcherera mawaya. Ndinaphunzira kuti zonsezo ndi jazi, kuti Ndowa yanga ndi suwingi, kuti Mkangano ndi bibopu. Anandiikira bosa nova ya ku Brazil, mmene mkazi ankaimba Chipwitikizi monong'ona ngati akuopa kudzutsa khanda. Anandiikiranso jazi ya ku Joni, imene piyano yake inkabwereza mawu omwewo ngati nyimbo ya kutchalitchi imene yasochera n'kukalowa pamowa. Miyezi yonseyo sindinawayankhepo ngakhale liwu limodzi, ndipo pakhomo pawo sindinapondepo. A Titiya Luiza nthawi zina ankalowetsa mtedza wokazinga pansi pa malata.

Masana ena a m'mwezi wa Junyu a Tiyu Jasinto anaika nyimbo imene ndinali ndisanaimvepo. Inayamba molemera, ng'oma ikugunda pang'onopang'ono, malipenga akubuula. Kenaka ng'oma inagubuduka, ndipo malipenga omwe aja anayamba kuseka.

"Iyi ndi ya maliro," anatero. "Kumene inachokera kuli mzinda wa m'mbali mwa mtsinje waukulu ngati wathu uno. Popita kumanda amaimba yolemera ija. Pobwerako amaimba yothamangayi, kuti wopitayo adziwe kuti otsala sanafe naye. Luiza, wamva? Ine ndikadzapita, mukadzangobwerako kumanda, udzandiikire imeneyi."

"Ukufuna adzandiwotche ine?" anayankha a Titiya Luiza. "Khala chete, nkhalamba iwe, umwe tiyi wako."

"Walonjeza kapena sunalonjeze?"

"Ndalonjeza, ndisiye."

A Tiyu anaseka mpaka kutsokomola. "Menina wa kuseri ndiye mboni."

Ndinalemba mawu onsewo mmene anawanenera, ndi tsiku lake pamwamba.

A Tiyu Jasinto anadwala n'kumwalira m'mwezi wa Outubru, Okutobala, kutentha kuli pachimake. Kwathu kuno maliro akagwa, nyumba zonse zoyandikana zimazimitsa maradiyo, ngakhale ana saloledwa kuimba. Anthu akabwerako kumanda amasamba m'manja pachipata, n'kukhala pansi mwakachetechete, ndipo namfedwa sayenera kuyendayenda. Ife ana sitipita kumanda, ndiye ine ndinali pabowo panga. Ndinaona a Titiya Luiza akusamba m'manja, duku lakuda kumutu. M'malo mokhala pamphasa, analowa m'nyumba. Kenaka ng'oma ija inagubuduka, malipenga n'kuyamba kuseka pakati pa anthu olira.

Amene anayamba kudzuka anali a Zakariya, mng'ono wawo wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Moatize ndipo ndinali ndisanawaonepo pakhomopo m'bale wawo akudwala. Anatulutsa radiyo yoimbira madisiko n'kuimenyetsa pamwala. Makatoni a madisiko anawakhuthulira pansi, achinyamata n'kumawaponda.

"Mfiti!" anakuwa mayi wina wa pampopi. "Wamudya, ndiye akuvina!"

"Anandiuza yekha," a Titiya Luiza ankangobwereza zomwezo, atagwira chitseko. "Anandiuza yekha."

"Anakuuza pali ndani?" anafunsa a Zakariya. "Mawa masana tikhala pansi. Ngati palibe anamva, nyumba ya mkulu wanga uituluke."

Amayi atabwera kunyumba anati, "Ndinkanena ine." Anatsuka mapazi awo nthawi yaitali ngati aponda zonyansa.

M'mawa mwake ndinatulutsa kaderno ija m'pilo. Umboni unali m'manja mwanga, ndipo ndinkadziwa. Koma ndinkadziwanso zina zimene zinali m'menemo. Munali masiku onse amene ndinamatira pampanda nditaletsedwa. Munali zimene ndinkalemba amayi akandimenya. Ndinaganiza nthawi yaitali, kenaka ndinapeza nzeru imene ndinaiona ngati yabwino kwambiri. Ndinatenga lamina ya bambo yometera ndevu, ndinaika rula, n'kudula tsamba la mu Junyu lija bwinobwino, pamzere weniweni wapakati. Tsamba linzake la kumapeto, limene linali lisanalembedwe, linatsala likulendewera, ndiye ndinalisololanso n'kuliponya pamoto. Nditatseka kaderno, palibe akanadziwa kuti munachoka kanthu. Ndinadziyamikira chifukwa cha ukhondo wa ntchito yangayo.

Masana anthu anadzaza pakintale pa a Titiya Luiza. Panali a Zakariya ndi abale awo, akatekista a kutchalitchi kwathu, ndi azimayi a pa bairo, amayi anga ali pakati pawo. Kanali koyamba kuti ine ndilowe pachipata chimenecho. Ndinadutsa pakati pa anthu nditawerama mpaka pamene panali akatekista. Ndinagwada n'kuwapatsa tsambalo.

"Ndinamva ine," ndinatero. Sindikudziwa ngati mawuwo anamveka.

Akatekista anavala magalasi n'kuwerenga mokweza, mpaka pa mawu akuti menina wa kuseri ndiye mboni. A Titiya Luiza anandiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kuonana nawo maso popanda malata pakati.

A Zakariya analanda tsambalo n'kulitembenuza uku ndi uku. "Pepala ili lachokera kuti? Tsiku aliyense angalembe pamwamba. Mfitiyi yamuitana mwanayu m'mawa uno n'kumuuza zolemba."

"Mwanawe," anatero akatekista mofatsa, "likanakhala m'buku lake, pakati pa masiku anzake, tikanaona kuti ndi lakale. Buku lake lilipo?"

Ndinayang'ana amayi. Nkhope yawo inali itauma. Ndinathamanga kunyumba n'kubwera ndi kaderno yonse, imene ndinkaitchinjiriza ija.

Akatekista anatsegula pa mwezi wa Junyu, nafufuza ndi chala pamzere wapakati. Anafufuzanso. Panalibe kachidutswa, panalibe chizindikiro. Tsiku lina linkangotsatana ndi linzake, ndipo popeza sindinkalemba masiku onse, panalibe pooneka kuti pasowa kanthu. Ndinadula mwaluso kwambiri moti kaderno yangayo inandikana.

"Mwaona?" anatero a Zakariya. Anaitenga m'manja mwa akatekista n'kuyamba kutembenuza masamba, akunyowetsa chala ndi malovu. "Tiyeni timve zina zimene kalembera wathuyu amalemba." Anasintha mawu kukhala aang'ono ngati a mwana. Anawerenga za Ndowa ndi Mkangano, anthu n'kumaseka. Anawerenga za mtedza wolowa pansi pa mpanda, ndipo kuseka kunatha. Kenaka anaima pa tsamba lina, n'kuwerenga pang'onopang'ono ndi mawu awo enieni: "Lero amayi andimenyanso chifukwa cha mbale. Ndikanakonda ndikanabadwa kwa a Titiya Luiza."

Anatseka kaderno. "Mayi ake a mwanayu alipo? Mwamva nokha. Wake analibe, ndiye anayamba kudyetsa wa eni. Mwanayu anamutembenuza mtima kalekale."

Amayi anadzuka. Anandigwira padzanja mpaka zikhadabo zinalowa, n'kundikokera kunyumba anthu akutipatsa njira. Anandimenya, koma zimene ndimakumbukira kwambiri si mbama. Atatopa anakhala pakhomo la khitchini, atafulatira, n'kunena motsitsa kuti, "Unkafuna mayi wina." Za nkhaniyi sitinayankhulanenso mpaka lero.

A Titiya Luiza anapatsidwa masiku owerengeka. M'mawa wa tsiku lonyamuka kupita kwawo ku Tsangano, ndinali pansi pa masawu ndipo ndinamva mapazi awo kuseri kwa malata.

"Menina, ulipo?"

"Ndilipo, Titiya." Kanali koyamba kuyankha mpanda umenewo.

"Sindinakukwiyire. Wachikulire aliyense pano anakhala chete, iwe wekha unadzuka. Koma ukanabwera ndi buku lonse poyamba paja, mwanawe."

Pansi pa malata, pamene pankalowa mtedza, panalowa disiko imodzi yokalikakalika imene inapulumuka kumapazi a achinyamata aja. Sipanathe mwezi, a Zakariya anagwetsa malatawo n'kumanga khoma la mabuloko.

Tsopano ndikumaliza sekondale. Jazi ndimaimvera patelefoni, ndipo ndapeza mitundu ina imene a Tiyu Jasinto sanafike pondiuza. Ndimamenyabe pa doyishi ndi kwaturu. A Zakariya amandipatsa moni ndikamadutsa, ndipo ndimayankha chifukwa ndinaleredwa, koma sindinawakhululukire, iwo pamodzi ndi azimayi a pampopi amene masiku ano amati ndine mwana waulemu. Mwina ngakhale ndikanapereka kaderno yathunthu akanapeza chonena china, poti nyumbayo ankaifuna. Koma akatekista anafufuza ndi chala kawiri konse, akufuna kupeza pogwira, ndipo amene anawachotsera pogwirapo ndi ine.

Ndinkaganiza kuti ndingathe kupulumutsa a Titiya Luiza popanda ine kuoneka, kuti ndingapereke choonadi chokhudza iwo n'kusunga chokhudza ine. Ndazindikira kuti mboni imakhulupirika chifukwa cha masamba enawo, ochititsa manyazi aja, amene ali kutsogolo ndi kumbuyo kwa tsamba lofunikalo. Ndimalembabe, ndipo sindinadulenso tsamba, ngakhale limene ndalemba zoipa.

Disiko ija ndi ya maliro ija. Nyimbo yake ndinaisamutsira mutelefoni, ndipo Outubru aliyense ndimaimvera pansi pa masawu, kuyambira pobuula mpaka poseka. Koma ndimaimvera ndi timawaya ta m'makutu, amayi ali m'nyumba, a Zakariya ali kuseri kwa khoma lawo. A Titiya Luiza anaitsegula mokweza pamaso pa bairo yonse chifukwa analonjeza. Ine chala changa chimafika pokwezera mawu, n'kubwerera.