Wokanda Buledi wa mu Wodi ya Amuna

Anabadwa womaliza m'banja la atelala, ndipo kwawo mpaka lero amangomuitana kuti Mzime. Bambo ake ankasoka pakhonde la sitolo ya eni ake, mayi ake ankaweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Alongo ake onse sukulu anaisiyira panjira, koma iye mutu unkagwira. Mzime atasankhidwa kupita kusukulu ya udokotala, atelala anasintha. Munthu wobweretsa thalauza loti alipinde ankayamba wamva za mwana wawo wamkazi, kenako n'kumuyeza.

Kusukuluko, phunziro lotsitsimutsa munthu amene mtima wake waima linachitika kamodzi. Chidole chophunzirira chinali chimodzi, chifuwa chake chitaphwa kale ndi manja a magulu am'mbuyo. Ophunzira anandanda mpaka pakhonde, ndipo Mzime, pokhala wamanyazi, anali kumapeto. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, mphunzitsi anati, "Otsalanu mwaonera anzanu. Si zamatsenga izi." Mayeso olemba Mzime anakhoza kuposa ambiri, chidolecho asanachikhudzepo.

Atayamba ntchito anamuika mu wodi ya amuna, pansi pa dokotala wamkulu amene anamwino ankamutcha Mphezi chifukwa cha kukalipa. Mzime analimba mtima n'kumutsatira pakhonde.

"Bwana, zotsitsimutsa munthu ndimazidziwa papepala pokha. Mungandionetseko tsiku lina?"

Mphezi anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato. "Digiri yakoyo unatola pamsewu? Usandichititse manyazi iwe."

Mzime sanafunsenso wina aliyense.

Tsoka linabwera tsiku lina masana, nthawi yoona odwala, wodi itadzaza abale ndi mabasiketi. Pabedi la pafupi ndi zenera panali bambo wina wowotcherera zitsulo, amene anathyoka ntchafu atagwa pamakwerero. Ankachira bwino, ndipo ankaseketsa wodi yonse ponena kuti zitsulo zimene anamuika m'mwendo akanaziwotcherera bwino yekha. Mkazi wake akumusendera nthochi, bamboyo anagwira pamtima, natembenuza maso, n'kugwera chammbali.

Namwino anakuwa, "Adokotala!" Mphezi anali kuchipinda cha opaleshoni. Dokotala mu wodi monse anali Mzime yekha.

Anafika pabedipo n'kugwira pamkono kufuna kumva kugunda kwa mtima. Sanamve kanthu. Anagwira pakhosi, kenako pamkono pomwe paja, kenako anayamba kufufuza tochi m'thumba. Zonse za m'buku zinali m'mutu mwake, koma manja anali ngati obwereka.

"Adokotala, tiyambe?" anafunsa namwinoyo. Anafunsanso kachiwiri, mawu atakwera.

Mzime anaika manja pachifuwa cha bamboyo nayamba kudinikiza, koma mofatsa, poopa kumupweteka, thupi likungomira m'matiresi. Namwino wina anathamangira chopopera mpweya n'kupeza kabati yake ili yokiya. Mzime ataona kuti milomo ya bamboyo yasanduka ngati phulusa, anatsamira ndi thupi lonse. Nthiti inathyoka, phwa! Mkazi uja anamva ali kuseri kwa katani.

"Akundiphera mwamuna! Anthuni, kamtsikanaka kakundiphera mwamuna!"

Mphezi anafika ndi zovala za kuopaleshoni, namukankha Mzime ndi chigongono. Anakokera bamboyo pathabwa, nalamula jakisoni, napanikiza chifuwacho mpaka thukuta linatsika m'chibwano. Mtima unayambanso kugunda. Koma ubongo unali utakhalitsa wopanda mpweya. Bamboyo anadzatsegula maso, koma sanazindikirenso munthu, ngakhale mkazi wake.

Kumsonkhano wa madokotala wa m'mawa mwake, Mphezi anabwera ndi pilo n'kumuponya patebulo.

"Bwera kutsogolo, dokotala. Utionetse zimene unkachita dzulo."

Mzime anaimirira, naika manja papilo. Anayamba kudinikiza.

"Mwaona? Munthu akufa, uyu akukanda buledi. Tikupezere uvuni?"

Anthu anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali anzake a kalasi imodzi, ena mwa iwo omwe anaima naye kumapeto kwa mzere uja. Za kabati yokiya palibe anatchula. Pofika madzulo ngakhale okolopa ankamutcha Wokanda Buledi.

Koma kuseka kwa madokotala kunali bwino poyerekeza ndi ulemu wa mkazi wa wowotcherera. Mayiyo sanakuwenso. Ankasambitsa mwamuna wake, kumutembenuza, kumupukuta dovu, ndipo Mzime akamadutsa ankaimirira n'kupinda mawondo.

"Mwadzuka bwanji adokotala? Tabwerani mudzaone ntchito yanu. Lero yadya pang'ono kudzera m'kapaipi."

Tsiku lina anamuyandikira n'kunena chapansipansi, "Mukanangomusiya, mwanangu. Ndikanalira, n'kutha. Tsopano mwandipatsa maliro oti ndizisambitsa tsiku ndi tsiku."

Mzime anasiya kudya ndi anzake. Akaweruka ankagwada pasimenti m'chipinda chake n'kumadinikiza khushoni mpaka mikono kutupa. Anapempha namwino wa kuchipinda cha odwala mwakayakaya kuti azimuitana kukachitika zadzidzidzi, ndipo ankathamanga ngakhale si wodi yake. Miyezi ikupita, manja ake analimba. Anabweza mayi wina amene mtima unaima atangobereka, anabweza mnyamata wogwidwa ndi magetsi. Dzina lija silinachoke. Anamwino atsopano ankalitchula osadziwa n'komwe chiyambi chake.

Patapita zaka, atelala anadwala chibayo ndipo anawagoneka mu wodi yomweyo. Kunyumba Mzime anali asananenepo chilichonse. Anawapezera bedi labwino, nawaikira yekha diripi, iwo akuuza oyandikana nawo kuti, "Ameneyu ndi wanga, mzime wanga." Koma m'wodi nkhani siigona. Wodwazika matenda wina, amene anakhalitsa m'chipatalamo, anawafotokozera zonse, mwinanso kuwonjezera.

M'mawa mwake Mzime akulemba mankhwala kuseri kwa katani, anamva bambo ake akuitana namwino monong'ona.

"Mayi, ndikupempheni kanthu. Zikandivuta, musaitane mwana wangayu. Muitane dokotala weniweni, wamkulu uja. Iyeyu musamuuze, angakhumudwe."

Namwinoyo anayang'ana kukatani, poti mapazi a Mzime ankaoneka pansi pake. Mzime anamaliza kulemba, natuluka, nakagogoda kuofesi ya Mphezi.

"Bwana, bambo anga akupempha kuti muziwaona ndinu."

"Mdala wanzeru ameneyo," anatero Mphezi, osadzutsa mutu.

Atelala anachira ndi mankhwala omwe mwana wawo anawalembera tsiku loyamba. Mphezi anangowagwira paphewa kawiri konse akuyendera odwala. Atelala atatuluka m'chipatala anasoka malaya abwino a kolala yolimba n'kumutuma Mzime kuti akapereke kwa dokotala wamkulu amene anawapulumutsa. Mzime anakapereka. Mphezi anawayesa pomwepo, nati manja a malayawo ndi aafupi.

Mzime akadali pachipatalapo. Sanakwatiwe, salankhula zambiri, ndipo madokotala ongoyamba kumene amamuopa chifukwa saseka. Amawatengera m'kachipinda kosungira mabedi othyoka, n'kuwagwaditsa pansi mmodzimmodzi kuti adinikize chidole chimene anachita kupempha yekha ku likulu, mpaka ena amalira. Madokotalawo anakadandaula kwa akuluakulu kuti amawazunza, ndipo chaka chatha akuluakuluwo anamuchenjeza kuti akapitiriza amusamutsira kuchipatala cha matenda a pakhungu, kopanda munthu woti n'kumutsitsimutsa.