Chisa chanu chija chapeza mwini

Bambo a Tamala, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. M'mawa ndinamva kuti owotcha njerwa afika kudambo lathu la ku Chinsapo, ndiye ndinathamangirako mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti mkuyu wanu uja wapita. M'njira ndinakumbuka tsiku lomwe ndinakupezani mutakwera mumkuyumo, mukusomeka timitengo pa chisa chomwe nantchengwa anali atachithawa kalekale. Ndinakuwa kuti, "Mwayamba misala kodi, munthu wamkulu ngati inu?" Inu munangoti, "Tsitsani mawu, mayi a Tamala. Anthu saopa kupha chule kapena njuchi, koma amaopa kuphwasula chisa cha nantchengwa. Mbalame imodziyi ndiye ambulera ya mileme, njuchi ndi achule onse a pano. Akangodziwa kuti inasamuka, nkhwangwa ifika mawa lomwe."

Ndisakunamizeni, ambulera yanuyo inali yaing'ono. Bango la kumunsi, komwe kunalibe chisa choopsezera anthu, linatha, ndipo atombolombo aja sitiwaonanso. Koma mkuyu ndaupeza uli chilili. Owotcha njerwawo aulambalala, mpaka mmodzi wachita kundichenjeza ineyo kuti, "Amayi, musayandikire, mtengo uwu uli ndi mwini wake." Ndinafuna kuseka, koma nditakweza maso ndinaona nantchengwa weniweni, kamtengo kali kukamwa, akukonza chisa chanu chija. Mtima wanga wakhala pansi, mwamuna wanga. Bodza lanu lija lasanduka zoona. Usani mumtendere, simukweranso mumtengo.