Maliro a Mtsikana wa mu Tepi

Ntchito yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili kale bambo wa ana anayi, chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri. Kwathu ndi ku Mlangeni, kumene ndinkalima kachewere, koma chaka chimenecho mvula inadula ndipo m'munda simunatuluke kanthu. Ndinatsikira ku Nsipe kwa alamu anga, n'kumathandiza ogulitsa kaunjika kuitanira anthu tsiku la msika. Kusukulu ndinali ndisanapondeko. Kulemba ndinakuphunzira pambuyo pake, kusukulu ya kwacha, imvi zitayamba kale. Chimene ndinali nacho nthawi imeneyo ndi pakamwa basi.

A Ngozo, amene anali ndi nyumba ya vidiyo kuseri kwa msika, anandimva ndikuitanira majekete ndipo anandikokera pambali.

"A Nyoni, Chingerezi mumachimva?"

"Ngakhale pang'ono, bwana."

"Zilibe kanthu. Oonerawo sachimvanso. Inu muzingoona zimene zikuchitika pa sikirini, muzinena."

Nyumbayo inali ya zidina, mazenera ake otsekedwa ndi matumba a feteleza kuti mukhale mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Munali mabenchi asanu ndi atatu, TV pashelefu, deki pansi pake, ndi maikolofoni yolumikizidwa ku sipika imene tinkaikweza padenga. Jenereta inkakhala panja, pa tayala lakutha kuti isamavine. M'mawa uliwonse ndinkathiramo petulo wosakaniza ndi oilo, kenaka n'kutsegula deki ndi kupukuta mutu wake ndi kapepala konyowetsa sipiriti. Matepi tinkabweza pamanja ndi kamtengo kosema, posunga mafuta. Tepi ikaduka ndinkaidula mopingasa ndi lezala n'kuilumikiza ndi selotepi kumsana kwake. Chithunzi chikayamba kuthamanga mizere ndinkapotokola kabatani ka trakingi mpaka chikhazikike. Bolodi la panja ankalemba okha a Ngozo ndi choko. Ine ntchito yanga inali kukhala pa kampando pambali pa TV, kutsitsa mawu a filimu, n'kuikapo anga.

Tinkaonetsa za karate, za nkhondo, ndi zoopsa. Zoopsazo zinali zamitundu iwiri. Za mizukwa ndi zilombo sizinkavuta: anthu ankakuwa, kugwirana, kenaka n'kuseka, ena n'kumagenda sikirini ndi makoko a mtedza. Potuluka ankanyozana kuti wachita mantha kwambiri ndani. Mtundu wachiwiri ndinaudziwa pamene dalaivala wina wa thiraki anawabweretsera a Ngozo tepi yopanda chikuto, yopanda dzina.

Munalibe mzukwa mmenemo. Munali anthu okhaokha. Amuna a mfuti afika pamudzi wa nyumba zaudzu, atentha, agwira mtsikana, ammangirira kumtengo. Zotsalazo sindilemba. Chimene ndinganene ndi chimene chinkasiyanitsa tepi iyi ndi zinzake. M'mafilimu ena mpeni ukamatsika kamera imatembenuka, kapena nyimbo imakuchenjeza, kapena ngwazi imatulukira. Umu munalibe nyimbo, munalibe ngwazi, ndipo kamera sinkatembenuka. Inkangogwedera ngati yagwidwa ndi munthu amene waima pomwepo osathandiza. Mtsikanayo ankayang'ana mwa wojambulayo, ndiye kuti mwa ife amene tinali pamabenchi. Ukaonera unkamva ngati nawenso waima pamenepo manja ali m'thumba.

Tepiyo inali yojambulidwa kuchokera ku inzake, inzakeyo kuchokeranso ku ina. Mitundu inali itatha, kunangotsala zakuda ndi zoyera. Mawu anali mkokomo ndi kukuwa chabe. Nkhope zinali ngati zooneka m'madzi ovunduka. Nkhope yotero ikhoza kukhala ya aliyense.

A Ngozo anandiuza poyera tsiku loyamba lomwe. "Ndi sewero ili. Magaziwo ndi utoto. Kumapetoku kuli maina a osewera, koma inu muzizimitsa asanafike."

Masiku awiri oyamba anyamata a pamsika anatulukamo akunyoza. "Aaa, tomato uyo! Mwatibera, a Nyoni!" Tsiku lachitatu mabenchi anali theka. A Ngozo anandiyang'anitsitsa, ndipo ine ndinaganiza za ana anga ku Mlangeni. Nditagwira maikolofoni ndinanena mawu amene palibe anandituma.

"Abale, izi si sewero. Izi zinajambulidwa kuseri kwa mapiri awa, ku Angonia, nthawi ya nkhondo ija."

Nkhondo ya ku Mozambiki tonse tinkaidziwa. Othawa tinawalandira m'makonde mwathu, ena opanda makutu, ena opanda milomo. Palibe ananenanso za tomato. Pamene mtsikanayo ankatsegula pakamwa, ine ndinamuikira mawu: "Amayi! Amayi, ndithandizeni!" Mayi wina anatuluka kukasanza kuseri. Mawa lake anthu anadzaza mpaka ena kukhala pansi. Ankatuluka osayankhulana, osayang'anana, koma ankabweranso, atatenga anzawo. A Ngozo anandigulira nsapato.

Pambali pa msewu waukulu, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala bambo wina wokonza njinga, a Zuze. Anali a ku Angonia komweko. Anzawo onse anali atabwerera kwawo nkhondo itatha, koma iwo ndi akazi awo anatsala. Mwana wawo wamkazi, Rozina, anatengedwa ndi amfuti tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, ndipo winawake anawauza kuti ena mwa ogwidwawo anathawira ku Malawi. Basi iliyonse ikaima pa Nsipe, a Zuze ankasiya sipanala n'kuimirira kuyang'ana otsika. Dzina la mwanayo ankalitumiza m'matchalitchi kuti lizilengezedwa, mpaka ku Manjawira. Tonse tinkazidziwa zimenezi. Inenso ndinkazidziwa pamene ndinkanena bodza lija.

A Zuze vidiyo sankaonera. Koma wina anakawauza. Anabwera Lachiwiri masana, manja ali girisi, n'kukhala pa benchi yakutsogolo. Anthu atatuluka iwo anatsala.

"Achimwene, mungandibwezereko paja pali mtsikana?"

Ndinabweza. Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Mwati ndi ku Angonia?"

"Amene anabweretsa tepiyi anatero," ndinayankha.

Anagwedeza mutu n'kutuluka. Anabweranso Lachitatu. Anabweranso Lachinayi.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Loweruka, tsiku la msika. Ndinali ndikuthira petulo m'mawa pamene ndinawaona akubwera ndi akazi awo, amake Rozina. Mayiwo anali atavala chitenje chochapa bwino ndi mpango kumutu, ngati akupita kutchalitchi. A Zuze anapempha kuti aone awiriwiri anthu asanalowe.

Ndinapita kwa a Ngozo, amene ankalemba bolodi.

"Bwana, anthu awa akuganiza kuti ndi mwana wawo. Ndiwauze zoona."

Sanasiye kulemba. "Bodzalo ndinakutumani ndine? Masabata atatu mwakhala mukulumbira pa sipika, msika wonse ukumva. Lero munene kuti munanama, nyumba ino aitentha, inu muli momwemo. Aonetseni, azipita. Mukafuna kulapa mukalapire ku Mlangeni."

Ndinakoka chingwe cha jenereta. Ndinawalowetsa, ndinatseka chitseko. Ndinathamangitsa tepi kudumpha moto uja, n'kuimitsa chithunzi pamene nkhope ya mtsikanayo inali pafupi. Chithunzi choimitsidwa pa deki chimanjenjemera, ndipo mzere woyera umadutsa pakati. Ndinapotokola trakingi, mzerewo unatsikira pakhosi.

Amake Rozina anayang'ana nthawi yaitali.

"Sindikuona bwino," anatero. "Rozina anali ndi mpata m'mano. Apa sindikuona mano."

"Msinkhuwo ndi womwewo," anatero a Zuze. "Taona mapewawo."

"Mapewa ali ndi aliyense, bambo."

Pamenepo mwayi wonena zoona unalipo. Mayiwo anali asanakhulupirire. Ndikanangosiya tepiyo kuti iyende mpaka kumapeto, maina aja akanakwera okha pa sikirini, ndipo ndikanati, onani, awa ndi osewera, onse ali moyo kwawo. Panja anthu anali atayamba kusonkhana. Ndinkamva a Ngozo akuwauza kuti adikire pang'ono.

Mayiwo anatembenukira kwa ine.

"Bambo, inu mwaionera kambiri. Amuna angawa akuti mwanayu amayankhula. Ine palibe chimene ndikumva. Amati chiyani?"

Sipika inali yozimitsa, maikolofoni ili pa kampando. Panalibe gulu loti ndilisangalatse. Panali mayi mmodzi akundifunsa mwaulemu. Ndipo pakamwa panga panatuluka zimene panazolowera.

"Amati, amayi, ndithandizeni."

Sanakuwe. Anakhala pansi pa dothi, pakati pa mabenchi, n'kuvula mpango kumutu.

"Ndiye ankandiitana," anatero. "Ine ndili m'chimanga, ndabisala."

A Zuze anawadzutsa. Potuluka anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Zikomo, achimwene. Mwatithandiza. Tsopano tadziwa." Anthu analowa akukankhana, ndipo ndinaionetsa tepiyo kanayi tsiku limenelo, mawu omwewo, malo omwewo.

Kwathu kuno munthu akafa mtembo wake osapezeka, timaika thunthu la nthochi m'malo mwake, kuti maliro achitike ndipo abale amete. Lachitatu lotsatira anachita zimenezo. Thunthulo analikulunga m'chitenje chimene Rozina anasiya, adzukulu anakumba manda enieni, amayi a mpingo anaimba. A Zuze anandipempha kuti ndiyankhule monga mboni, popeza ndine ndinkadziwa za imfayo. Ndinaimirira. Ndinayankhula bwino, anthu anatero. Ndinadya nawo chakudya cha pamaliro.

Kuyambira tsiku limenelo basi ikaima a Zuze sankadzutsanso mutu. M'matchalitchi dzina lija linasiya kumveka. Patatha mwezi anamanga katundu wawo pa njinga ziwiri n'kubwerera ku Angonia. Ine ndinapitiriza kuonetsa tepiyo miyezi ina isanu ndi iwiri, mpaka deki inaitafuna moti selotepi sinakathenso kuithandiza. A Ngozo anabweretsa zina zoposa pamenepo. Ndinagwira ntchitoyo zaka zinayi.

Anthu amandifunsa chimene chimaopsa m'mafilimu otere, poganiza kuti ndinena magazi. Magazi amazolowereka sabata imodzi. Ine ndinkadya chinangwa chowotcha uku ndikuonetsa. Chimene sichizolowereka ndi kudziwa kuti unakhala pansi, unaonera mpaka kumapeto, ndipo sunadzuke. N'chifukwa chake anthu ankatuluka osayang'anana. Aliyense anali ataona mnzake akuonera.

Zaka khumi ndi ziwiri zitapita, abusa athu atandilimbikitsa, ndinawoloka malire kukafuna a Zuze ndi akazi awo. Ndinafunsa m'midzi itatu. A Zuze ndinapeza atamwalira. Amake Rozina anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero, maso atayamba kuchita khungu. Anandizindikira mawu.

"Ndinu bambo a vidiyo aja."

Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse. Kuti linali sewero. Kuti mtsikanayo sanali wa ku Angonia, ndipo sanafe. Kuti mawu aja ndinapeka ndine. Anasiya kusankha nyemba.

"Ndiye mwana wanga ali kuti?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Ali moyo?"

"Sindikudziwa."

"Zaka zonsezi mwina ankatsika basi pa Nsipe paja, osapeza munthu womuyang'ana."

Mayiwo anapitiriza.

"Bambo ake anafa mtima uli pansi, poti anamuika mwana wawo. Ine ndinazolowera kulira pamanda. Lero mwabwera kudzandilanda ndi mandawo. Ndiyambire pati kumufuna, ndi miyendo iyi?" Anatenganso lichero lija. "Mwabwerera ine kapena mwabwerera inu nokha, kuti muzigona tulo? Pitani bwino, bambo. Mukanangofa nazo."

Ndinabwerera wapansi mpaka pamsewu.

Masiku ano nyumba za vidiyo zatsala zochepa, zoopsazo anthu amaonera m'mafoni, aliyense payekha, ndipo amatumizirana ndi mawu omwe aja: izi ndi zenizeni, zachitika kwakutikwakuti. Amene mumagwira ntchito yoika mawu pa zithunzi, kaya ndi maikolofoni kaya ndi chala, chimene ndinaphunzira ine ndi chimodzi. Chithunzi chikakhala chosaoneka bwino, woonera amaikapo nkhope ya munthu wake, ndipo amakhulupirira amene akufotokoza. Zoona zili ndi tsiku lake. Langa linali Loweruka lija m'mawa, chitseko chili chotseka, mayi akundifunsa. Nditazinena zaka khumi ndi ziwiri pambuyo pake sizinalinso mankhwala. Ndinawapweteka mayi aja kawiri, ndipo kachiwiriko ndinanyamuka kunyumba ndikudziona ngati munthu wabwino.