Maso a Mayi Sizipweteka

Mumsewu wonse munalibe khutu la mtsikana limene silinadutse m'manja mwa Mayi Sizipweteka. Dzinali analipeza pantchito, chifukwa ndiwo mawu amene ankauza mwana aliyense asanamuboole khutu, ngakhale kulira kwake kunkamveka mpaka kwa wometa tsidya la msewu. Ankagwirira kuseri kwa saluni ya mng'ono wawo, m'kachipinda kotchinga ndi katani yokhuthala. Mdimawo unali wadala. Iwo ankati mwana akaona singano ndiye kuti ntchito yagwa, choncho ankazimitsa babu, n'kuwerama pakhutu, n'kulasa ndi kakuwala kodutsa m'mbali mwa katani.

Atapitirira zaka makumi asanu, diso lakumanja linayamba mwano. Akatuluka m'kachipindako ankaona utawaleza utazungulira babu la mu saluni, mpaka anayamikira mng'ono wawo kuti wagula babu lokongola. Mng'onoyo anayang'ana babu lafumbi lija, anayang'ana mkulu wake, n'kupitiriza kuluka tsitsi.

Tsiku lina masana diso linafiira psuu, mutu unkang'amba mbali imodzi, ndipo anasanza m'beseni lotsukira tsitsi. Iwo anati ndi m'mimba basi, nathawira m'kachipinda kawo kuti mdima uwatonthoze. Ululu unangokula. Mng'ono wawo anasiya kasitomala mutu uli theka, nawakokera kuchipatala.

Dokotala wa maso anapeza disolo litauma gwa ngati mwala. Anafotokoza kuti m'diso mumayenda madzi, ndipo kangalande kotulukira madziwo kali m'ngodya. Kwa iwo ngodyayo inali yopanikizika chibadwire. Mumdima mwana wa diso amakula n'kuitsekeratu, madzi n'kudzadza, n'kumafinya mtsempha woonera. Akanagona nalo, mwina disolo likanafa. Anawadonthezera mankhwala, anawamwetsa mapiritsi, ndipo diso litafewa anawauza zotsatira.

"Tiboola kabowo kakang'ono ndi kuwala kwa makinawa, kuti madzi apeze njira. Sizipweteka, mayi."

Mayi anamuyang'ana ndi diso labwinolo. "Adokotala, bodza limenelo mwini wake ndine."

Anaboola ndithu, ndipo pambuyo pake mayi anavomera monyinyirika kuti zinali ngati kulumidwa ndi nyerere. Ataimirira n'kukonza duku, dokotala anati latsala lakumanzere. Apa ndiye anakana kwamtuwagalu. Diso losalakwa aliboolerenji? Dokotala anati maso awiriwo anaumbidwa mofanana, linalo likungodikira tsiku lake.

"Achemwali, ndi mwana uti amene munamutulutsa ndi ndolo imodzi?" mng'ono wawo uja anawafunsa.

"Khutu si diso, iwe. Khutu ndi lokolekapo magalasi."

Dokotala sanatsutsane nawo. Anangowapempha kuti atseke diso labwinolo ndi chikhatho, ayang'ane mng'ono wawo. Nkhope anaiona bwinobwino, ndi kuseka kwake komwe. Koma chitseko chimene chinali pambali pake chinasowa, ngati wina wachifufuta ndi nsalu yonyowa. Dokotala anati mwina zina ziyera, koma zimene mtsempha wataya sizibwerera.

Mayi anachotsa chikhatho, chitseko n'kubwerera pamalo pake. Anatsekanso, chinasowanso.  Kenako anakhala pampando, naika chibwano pamakina.

"Iwe, siya kuseka, bwera nalo kuno dzanjalo ndiligwire. Ndipo inu adokotala musandiwerengere mpaka katatu, mungolasa ndisakudziwa."